Mano ena sangayere ndi mankhwala a m'sitolo

Alembi, mwanena kuti mankhwala oyeretsa mano ogula m'sitolo amathandiza bola munthu apirire, koma simunatiuze kuti kuthimbirira kwa mano kuli mitundumitundu. Mankhwala otsukira mkamwa ambiri olembedwa kuti whitening amangokwecha zapamwamba, za tiyi, khofi ndi fodya. Chimene chimalowadi mkati mwa dzino n'kuliyeretsa ndi mankhwala otchedwa hydrogen peroxide, ndipo ku Britain lamulo limalola 0.1% yokha pa zogulitsa m'sitolo, pomwe dokotala wa mano amaloledwa kufika 6%. Ndiye kachubu ka pashelefu kangatifikitse pati?

Chachikulu chomwe mwachisiya ndi madzi. Mijigo ina ku Nathenje, Chikwawa ndi Nsanje ili ndi fluoride (mchere wina wachilengedwe wopezeka m'miyala ndi m'madzi) wopitirira 1.5 mg pa lita, mlingo umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti usapitirire. Mwana wokulira pa madzi otere akhoza kutuluka mano okhala ndi mawanga oyera kapena ofiirira, ndipo mawangawo amapangika dzino lisanatuluke n'komwe. Mlamu wanga ali nawo. Wagula machubu ambirimbiri, anthu n'kumamunena kuti satsuka mkamwa, chikhalirecho amatsuka kuposa ife tonse.

Kwa inu mwalemba pamwambapa kuti makala ndiye yankho, pepani abale, samalani. Makala ndi phulusa zimapala chigoba choyera cha dzino, chimene sichimeranso, ndipo pansi pake pali mnofu wa dzino wachikasu. Mukamakwecha kwambiri m'pamene chikasucho chimaonekera, madzi ozizira n'kuyamba kukulasani. Komanso dzino lomatidwa kuchipatala silisintha mtundu, kaya mupakepo chiyani.