Chenjezo kwa Inu Amene Mwatenga Mphaka Kuti Mumulere: Kutsegula M'mimba Kosasiya Si Kongoyang'ana

Mawu awa ndikulembera inu nonse amene mwapita kumalo osungirako amphaka osowa eni ake n'kutengako mmodzi kuti mukamulere pakhomo panu. Mwachita bwino, ndipo palibe amene angakudzudzuleni pa chifundo chimenecho. Koma pali khalidwe lina limene lafala pakati panu, ndipo sindingathe kulikhalira chete. Mphaka akufika pakhomo n'kuyamba kutsegula m'mimba, sabata yoyamba ikutha, yachiwiri ikutha, mwezi ukukwana, koma mwini wake akungopukuta pansi m'mawa uliwonse n'kumanena kuti azolowera. Ana anga, nyama imene ikutaya madzi tsiku ndi tsiku ikudwala, ndipo ikudikira kuti inu, amene munalonjeza kuisamala, muchitepo kanthu.

N'zoona kuti kusamuka kumasokoneza m'mimba mwa mphaka. Ulendo, fungo lachilendo, phokoso la ana ndiponso mantha zimachititsa kuti chimbudzi chake chifewe kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ngati mphakayo ndi wamkulu, akudya, akumwa madzi komanso akusewera, mutha kumuyang'anira mwatcheru kwa nthawi yochepa imeneyo. Masiku awiri akadutsa zinthu zisanasinthe, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Kamwana ka mphaka sikoyenera kudikira ngakhale masiku awiriwo, chifukwa thupi lake n'lochepa ndipo madzi ndi shuga zimatha msanga m'thupimo, moti kamene kamasewera m'mawa kangathe kukhala katagona osadzuka pofika madzulo. Mukaona magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda bii, kapena mphaka akusanza, akukana chakudya, wafooka, musadikire kuti kuche. Madokotala amati vutoli lakhalitsa likapitirira masabata atatu, koma n'zomvetsa chisoni kuti ambiri a inu mumayamba kufunafuna thandizo nthawi imeneyo itadutsa kale.

Cholakwa choyamba chimachitika tsiku lomwe mukukamutenga. Mumasangalala ndi kukongola kwa ubweya wake, mumajambula zithunzi, koma simufunsa kuti wakhala akudya chakudya chanji, analandira katemera liti, ndiponso anamwa liti mankhwala a njoka za m'mimba. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukafika kunyumba mumamupatsa chakudya chimene mwasankha inu, chosiyana kotheratu ndi chimene matumbo ake anazolowera, ndipo akayamba kutsegula m'mimba mumathamangira kukagula mtundu wina, kenako winanso, osadziwa kuti kusinthasinthako kukuwonjezera vutolo. Chakudya cha mphaka chimasinthidwa pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, posakaniza chatsopano chochepa m'chakale n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku. Ndipo lekani kumupatsa mkaka wa ng'ombe. Amphaka ambiri akasiya kuyamwa satha kugaya shuga wa mumkaka, choncho mbale imene mukumupatsa pomumvera chisoni ndi imene ikumutsegula m'mimba.

Komabe chakudya si chimene chimayambitsa vutoli nthawi zonse, ndipo apa m'pamene ndikufuna kuti mumvetsetse. Kumalo osungirako nyama amphaka amakhala ambiri pamalo ochepa, amadyera m'mbale zoyandikana ndiponso amachitira chimbudzi m'mabokosi a mchenga omwewo. Ngakhale osamalira atayesetsa bwanji kuyeretsa, tizilombo ta m'matumbo timayenda mosavuta m'malo oterowo. Njoka za m'mimba zotchedwa Toxocara cati zimalowa mwa ana a mphaka kudzera mumkaka wa mayi wawo, ndipo mankhwala ambiri amapha njoka zikuluzikulu zokha n'kusiya mphutsi zimene zikuyendabe m'thupi. N'chifukwa chake mankhwalawo amabwerezedwa pakatha masabata awiri kapena atatu. Munthu akamanena kuti mphaka wake anamwa kale mankhwala a njoka kumene anachokera, ndimafunsa kuti anamwa kangati, ndipo nthawi zambiri yankho silipezeka. Palinso njoka zaphanthiphanthi zimene mphaka amazitenga akameza nthata podzinyambita, ndipo tizidutswa take timaoneka ngati timbewu ta mpunga pansi pa mchira.

Tizilombo tina n'tating'ono kwambiri moti sitioneka ndi maso, ndipo mankhwala ambiri a njoka satikhudza. Kena ndi Giardia, kamene kamachititsa chimbudzi chotuwa, chonunkha kwambiri, nthawi zina chooneka ngati chili ndi mafuta. Timazira take sitituluka m'chimbudzi tsiku lililonse, choncho kuyeza kamodzi kokha kungaonetse ngati mphaka alibe kanthu pamene ali nako, ndipo dokotala wodziwa ntchito yake amapempha chimbudzi cha masiku angapo. Timazira timeneti timamatirira ku ubweya wa kumchira, mphaka n'kumadzipatsiranso yekha akamadzinyambita, moti amene amupatsa mankhwala koma osamusambitsa kapena kutsuka bokosi lake amaona matendawo akubwerera. Kena ndi Tritrichomonas, kamene kamakonda amphaka aang'ono ochokera m'malo othithikana. Mphaka amene ali nako amadya bwino, amaoneka wamoyo, koma chimbudzi chake chimakhala chamadzimadzi, chonanda, nthawi zina cha timagazi, ndipo chimadontha chokha mpaka kumatako kumafiira n'kutupa. Kachilombo kameneka kamafanana ndi Giardia akakaona pa maikulosikopu, ndipo mankhwala a Giardia amangochepetsa vutolo kwa kanthawi, limabwereranso mphakayo akangosiya kuwamwa. Kamapezeka bwino poyeza chimbudzi m'njira ya PCR, imene ndi njira ya kulabotale yofufuza chibadwa cha kachilomboko, ndipo mankhwala amene amakapha, otchedwa ronidazole, amawononga mitsempha ya ubongo akapitirira muyezo, choncho ndi dokotala yekha amene angawerengetse mlingo wake malinga ndi kulemera kwa mphakayo. Ndafotokoza zonsezi kuti muone kuti zinthu zimene inu mumangozitcha kutsegula m'mimba ndi matenda osiyanasiyana, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Simungawasiyanitse poyang'ana pansi pamene mphaka wadetsa.

Matenda oopsa kuposa onsewa ndi panleukopenia, amene amayamba ndi vairasi yowononga matumbo ndi maselo oyera a m'magazi. Kamwana kosalandira katemera kangachoke kumalo osungirako nyama kakuoneka bwinobwino, matendawo n'kudzaonekera patapita masiku angapo kali kale m'nyumba mwanu, ndipo ana a mphaka ambiri amafa m'masiku ochepa akapanda kuthandizidwa. Vairasi imeneyi imatha kukhala yamoyo pansi, m'mbale ndi m'zofunda kwa chaka chathunthu. Katemera wake amayamba kamwana kakakwanitsa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata atatu kapena anayi alionse mpaka katafika masabata 16. Jakisoni mmodzi amene kanalandira musanakatenge sanamalize ntchitoyo, ndipo udindo womaliza uli m'manja mwanu.

Tsopano ndinene za khalidwe limene limandipweteka mtima kuposa ena onse. Pali anthu amene mphaka akadwala amatsegula kabati ya mankhwala awo n'kuthyola kapilitsi kuti amumwetse, poganiza kuti chimene chimathandiza munthu chithandizanso nyama bola mlingo uchepe. Paracetamol, amene ambiri timangoti panado, ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi chake sichitha kusungunula mankhwala amenewa, magazi amalephera kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa, ndipo ngakhale kachidutswa ka pilitsi limodzi kangamuphe. Ibuprofen amawononga impso ndi chifu chake. Mapilitsi oletsa kutsegula m'mimba a anthu, monga loperamide, nawonso si a mphaka, ndipo kutseka matumbo amene muli tizilombo sikuchiritsa kanthu. Ena amamupatsa maantibayotiki otsala a mwana kapena a galu, amene amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo n'kusiya choyambitsa matendacho chili pomwepo. Ena amamva pa intaneti kuti adyo amapha njoka za m'mimba, osadziwa kuti adyo ndi anyezi zimaswa maselo ofiira a magazi a mphaka. Ndipo amene mukufuna kuthana ndi nthata, musamupake mankhwala a agalu okhala ndi permethrin, chifukwa amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kukomoka mpaka kufa. Munthu amene amachita zimenezi sakhala ndi cholinga choipa, ndikudziwa, koma mphaka wafa ndi dzanja la mwini wake amene sanafune kufunsa.

Musamumanenso chakudya poganiza kuti m'mimba mupume. Mphaka akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi chake n'kuyambitsa matenda ena oopsa kuposa amene munali kulimbana nawo, makamaka ngati ndi wonenepa. Mpatseni chakudya chochepa pafupipafupi, chimene anazolowera kapena chimene dokotala wanena, ndipo madzi oyera asasowe pafupi naye. Kuti mudziwe ngati madzi akuchepa m'thupi, gwirani nkhama zake: zikakhala zouma ndi zomata m'malo mokhala zonyowa, zinthu sizili bwino. Kokaninso pang'ono khungu la pamapewa ake n'kulisiya. Likachedwa kubwerera m'malo mwake, kapena maso akalowa m'kati, mphakayo akufunika madzi a m'dilipi, ndipo zimenezo sizichitikira kunyumba.

Popita kwa dokotala musapite chimanjamanja. Tengani chimbudzi chatsopano cha tsiku lomwelo m'kabotolo koyera kotseka bwino, tengani mapepala amene anakupatsani pomutenga, ndipo konzekani kunena tsiku limene vutoli linayamba, kangati patsiku, maonekedwe a chimbudzicho, zonse zimene wadya, ndiponso mankhwala alionse amene mwamupatsa. Pa mfundo yomalizayi nenani zoona ngakhale mukuchita manyazi, chifukwa moyo wake ungadalire yankho lanulo. Ngati sanayezedwe matenda a FIV ndi FeLV, amene amafooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka, pemphani kuti amuyeze. Mukapatsidwa mankhwala, amalizeni onse monga mwauzidwira, osasiyira panjira chifukwa choti chimbudzi chalimba pa tsiku lachitatu.

Kumbukiraninso kuti m'nyumbamo simuli mphaka yekhayo. Wachilendo aliyense azikhala m'chipinda chakechake kwa masabata awiri, ndi mbale zake ndi bokosi lake, asanakumane ndi ziweto zina, ndipo ngati akudwala akhalebe payekha mpaka dokotala atanena kuti wachira. Chimbudzi chizichotsedwa tsiku lililonse, bokosi litsukidwe kaye ndi sopo ndi madzi, kenako linyikidwe kwa mphindi 10 m'madzi a bulitchi, gawo limodzi la bulitchi pa magawo 32 a madzi, n'kulitsukuluza ndi kuliumitsa. Musathire bulitchi pamkodzo wosatsuka, chifukwa pamatuluka mpweya woipa, ndipo pewani mankhwala ophera majeremusi okhala ndi phenol, amene amavulaza amphaka akawaponda n'kunyambita mapazi. Mabakiteriya a Salmonella ndi Campylobacter amatha kuchoka kwa mphaka n'kulowa mwa munthu, ndipo mazira a njoka zija amavulaza ana amene amaseweretsa dothi n'kuika zala m'kamwa. Sambani m'manja ndi sopo nthawi iliyonse mukagwira bokosilo. Mayi woyembekezera asapatsidwe ntchito yotaya chimbudzi cha mphaka chifukwa cha kachilombo ka Toxoplasma kamene kangavulaze mwana ali m'mimba, ndipo chimodzimodzinso munthu amene chitetezo chake cha m'thupi n'chofooka.

Pali ena amene akatopa ndi fungo ndi kuchapa amayamba kukalipira mphaka, kumukwapula chifukwa wadetsa pamkeka, kapena kumutsekera kunja usiku. Nyama yodwala m'matumbo siitha kudzigwira, ndipo mantha amene mukuipatsa amakulitsa matendawo. Ena amafika pomutenga n'kukamusiya kutali m'mbali mwa msewu, ali wofooka chomwecho, kuti akafere kumene iwo sadzaona. Zimenezo ndi nkhanza, ndipo palibe kutopa kumene kungazilungamitse. Ngati mwaona kuti simungakwanitsedi kumusamala kapena kulipira chithandizo chake, bwererani naye kumene munamutenga, mukawauze mosabisa masiku amene wakhala akudwala, zimene munamudyetsa ndi mankhwala amene munamupatsa. Ndipo ngakhale mutasankha kukhala naye, aimbireni foni muwadziwitse zimene dokotala wapeza, chifukwa amphaka amene ankagona naye chipinda chimodzi angakhale ndi tizilombo tomweto ndipo akufunika kuyezedwa asanapite m'nyumba za anthu ena.