Masamba pamsewu si zinyalala

Dzulo ndinapsa mtima koopsa, ndipo mpaka pano sunaphwe. Kwathu kuno ku Bangwe tinali ndi maliro a gogo wina amene ambirife anatilera ngati ake. M'mamawa anyamata anathyola nthambi n'kuyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira. Amayi a Mvano ali m'nyumba ya siwa akuimba, ife azibambo takhala panja pamabenchi obwereka kutchalitchi. Posakhalitsa anatulukira mnyamata wa kabaza panjinga yamoto, liwiro la mtondo wadooka, nyimbo ili pamwamba. Anaponda masamba aja, fumbi lonse kobo! mpaka m'mapoto a ndiwo amene azimayi amaphika pambali pa mpanda. Mkulu wina atakweza dzanja kuti amuimitse, iye anangoliza hutala n'kupitirira.

Abale inu, masamba pamsewu si zinyalala. Masamba amayankhula. Amakuuza kuti pano pagwa zovuta, pali anthu akulira, yenda mwaulemu. Tili ana tinkadziwa zimenezi popanda wotikhazika pansi. Wanjinga yakapalasa ankatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Wachipewa ankavula. Wagalimoto ankachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Panalibe wapolisi woima pamenepo, panalibe chindapusa cha boma. Manyazi okha ndiwo ankagwira ntchito, ndipo ankakwanira.

Kodi ukatsika panjinga mphindi ziwiri wataya chiyani? Mphindi ziwiri zokha! Womwalirayo sumudziwa, inde. Koma ulemuwo ukupatsa mayi amene wakhala pamphasa maso atatupa, amene akakweza mutu n'kuona mlendo wavula chipewa amadziwa kuti chisoni chake chaoneka. Fumbi lija linamuuza kuti amayi ake ndi chimodzimodzi mbuzi yogundidwa pamsewu. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Ena muyamba kundiuza kuti mafuta adula, mwini njinga akufuna ndalama yake madzulo. Ndamva. Nanga agogo athu ankayenda mwaulemu chifukwa anali olemera?

Maliro n'kulirana. Iwe mnyamata wa dzulo, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina masamba adzayalidwa pakhomo pa kwanu. Udzafuna adzukulu akakumbe manda, udzafuna amfumu alengeze, udzafuna azimayi a m'dera asonkhe ufa ndi nkhuni, agone pansi usiku wonse ndi amayi ako. Palibe amene adzakutumizire risiti. Zonsezo timachitirana chifukwa cha mwambo womwewo umene unauponda ndi matayala dzulo. Sungaupondereze lero n'kudzaufuna mawa.

Ndipo inu a mafoni musaganize kuti ndakuiwalani. Nthawi yoona nkhope itakwana, atsikana awiri anaimirira kumutu kwa bokosi foni zili m'mwamba, akujambula. Nkhope ya gogo! Tisanafike n'komwe kumanda zithunzi zinali zitazungulira kale pa WhatsApp. Mdzukulu wawo amene ali ku Johannesburg anaona nkhope ya agogo ake pa status ya munthu amene sadziwana naye. Anakutumani ndani? Amene uja ndi mayi wa anthu, anakupatsani chilolezo ndani?