Kuleretsa ndewu n'kwina, kuyanjanitsa n'kwina

Alembi, pamene mwati kuyanjanitsa n'chimodzimodzi kukhazikitsa bata, pamenepo ndiye ndakana. Woleretsa ndewu mumsika wa Ndirande amangokokera wina uku wina uko, phokoso n'kutha. Koma mawa anthuwo akakumana pampopi sapatsana moni, ana awonso aletsedwa kusewera limodzi.

Kuyanjanitsa kumadya nthawi. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala pamphasa, aliyense n'kutulutsa zakukhosi, mpaka wolakwa anene ndi pakamwa pake kuti pepani. Mwina nkhuku iperekedwe ngati chipepeso. Kenako nsima ibwere, onse asambe m'manja m'beseni limodzi, adyere mbale imodzi. Amene akadali ndi mangawa mumamuonera pomwepo, mbamu imamukanika kumeza.

Za dziko nazonso n'zomwezo, ndipo zimandiwawa. Referendamu ya pa 14 June 1993 inathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, a Kamuzu Banda n'kupepesa mtundu wonse mu 1996. Koma amene anatsekeredwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndani anawakhazika pamphasa imodzi ndi anthu amene anawaneneza?