Musakweze Dzanja Musanadziwe Amene Adzalipire

Wakutsina khutu ndi mnansi, choncho abale ndi alongo mwa Ambuye, mundimvetsere. Pali chizolowezi choipa chimene chikumera mizu pakati pathu. Akuluakulu a khonsolo akangotionetsa pamsonkhano chithunzi cha holo yatsopano kapena bwalo lamasewera, n'kutiuza kuti ndalama zake zichokera pokweza "pang'ono chabe" msonkho wa nyumba ndi malo, manja amakwera m'mwamba munthu asanamalize n'kulankhula komwe. Tikatero timabwerera kunyumba tikudzitama kuti tachita zachifundo. Chifundo chanji chopisa m'thumba la mwini?

Msonkho umenewu sufunsa kuti mumalandira zingati pamwezi. Umangoyang'ana mtengo wa nyumba ndi malo ake. Taganizirani mayi wamasiye amene mwamuna wake anamusiyira nyumba basi. Penshoni yake ili pomwepo, koma chitukuko chikafika pafupi mtengo wa nyumbayo umakwera, bilu n'kukweranso. Akalephera kulipira, pamabwera chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limalola kuti nyumbayo igulitsidwe pobweza ngongoleyo. Inu a lendi musaseke, mwininyumba sagona nayo bilu imeneyi, amaikankhira pa lendi yanu. Tinenenso zoona ngakhale zikuwawa: m'mayiko ambiri nyumba zopemphereramo sizilipira msonkho wotere. Ndiye mtsogoleri akamaima pa guwa n'kumauza nkhosa kuti zivomereze, adziwe kuti akusenzetsa anthu katundu amene tchalitchi chake sichimukhudza ngakhale ndi chala.

Kodi Nehemiya chaputala 5 munasiya kuwerenga? Ntchito inali yabwino zedi, kumanganso linga la Yerusalemu, ndipo inatha m'masiku 52. Koma ili mkati, anthu anabwera akulira kuti akongola ndalama zolipirira msonkho wa mfumu pa minda yawo, ena mpaka ana awo aakazi anali atalowa kale ukapolo. Nehemiya sanawauze kuti apirire chifukwa linga ndi la tonse. Anakwiya, anadzudzula akuluakulu pamaso pa msonkhano, n'kuwalamula kubweza minda ndi nyumba. Iye mwini kwa zaka 12 sanatenge chakudya chimene bwanamkubwa ankayenera kulandira, chifukwa anaona kuti anthu alemedwa kale. Mfumu Rehobowamu, mwana wa Solomoni, anachita zosiyana. Anthu atadandaula za goli la nthawi ya Solomoni, iye anataya malangizo a nkhalamba n'kumvera anyamata anzake, ufumu n'kugawanika pomwepo.

Musandimve molakwa. Paulo pa Aroma 13 akutiuza kupereka msonkho, Ambuye Yesu nayenso anati za Kaisara zipite kwa Kaisara. Inu amene muli ndi nyumba zingapo ndipo mumakumbukira akazi amasiye pokhapokha bilu yanu ikakwera, ndikukuonani, mavesi si pobisalira umbombo. Sukulu, madzi ndi misewu sizigwa kumwamba. Chimene ndikukana ndi kutchula msonkho kuti chopereka. Chopereka munthu amachitsimikiza yekha mumtima mwake, osati mokakamizidwa, monga 2 Akorinto 9:7 ikuphunzitsira. Msonkho ukakana kulipira, lamulo limakutsata. Chinthu chotengedwa ndi mphamvu ya lamulo chimafunika chifukwa cholemera kuposa kukongola kwa chithunzi.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri a inu simupita n'komwe ku misonkhano ya khonsolo, ndipo amene mumapita simutsegula bajeti. Pitani, mukafunse mopanda manyazi. Ntchitoyi ndi yofunikadi kapena ndi yongofuna kuti mayina a anthu alembedwe pakhoma? Ngati ndi ya ngongole, idzabwezedwa kwa zaka zingati, ndipo ikatha msonkho udzatsika? Nanga zokonzera denga likayamba kudontha zidzachokera kuti? Okalamba, olumala ndi osowa achotseredwako, kapena apatsidwa mwayi wolipira pang'onopang'ono? Mayankho akhale olembedwa papepala. Akakuyankhani kuti zimenezo tidzaona kutsogolo, dzanja lanu likhale pansi, ndipo muwauze chifukwa chake mokweza kuti alembe m'maminitsi.