Mukufuna kuyamba ukalipentala wapakhomo? Musathamangire makina

Anthu ambiri amene amasirira ntchito ya matabwa amaganiza kuti chowalepheretsa ndi kusowa makina. Ine ndikukana. Mipando yambiri ya oyamba kumene imawonongeka pa zifukwa ziwiri zokha: thabwa linali laliwisi, kapena chida chinali chobuntha. Mukakonza ziwirizi, zida zamanja zochepa zimakwanira kupanga benchi yoti adzukulu adzakhalepo.

Tiyambe ndi thabwa, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimatayika. Kwa wophunzira, gulani paini. Ndi wofewa, sowo imadutsa mosavuta, ndipo amapezeka m'misika yambiri kuchokera ku nkhalango zobzala ngati Chikangawa. Malaina nawonso ndi abwino kupala. Mlombwa ndi mbawa ndi yokongola, koma ndi yodula, ndipo n'zomvetsa chisoni kuphunzirira kudula pa mtengo umene unatenga zaka zambirimbiri kuti ukule. Bulugamu musayambe naye: amalimba, amapindika pouma, amang'aluka mukamakhoma msomali. Mkungudza wa ku Mulanje ndi wotetezedwa ndi lamulo ndipo watsala pang'ono kutha, wina akakutsatsani mukane basi.

Posankha, nyamulani thabwalo mbali imodzi, tsinzinani diso limodzi, muyang'ane kutalika kwake konse. Lopindika ngati uta mutha kulidula zidutswa zifupizifupi n'kuligwiritsa ntchito. Lopotoka lisiyeni. Pewani la mfundo zakuda zimene zikugwedera, chifukwa zimagwa n'kusiya bowo. Likakhala lolemera modabwitsa, lozizira mukaligwira ndi dzanja, utuchi wake n'kumamatirira ku sowo, dziwani kuti lili ndi madzi.

Thabwa likamauma limafupika m'mulifupi, osati m'litali. Lalikulu masentimita 30 litha kubwerera pafupifupi sentimita imodzi. Ndiye taganizani mwalikhomera kale mbali zonse, lilibe kothawira. Limang'aluka pakati, kapena limatsegula mpata pomwe munalumikiza, inu n'kumanena kuti guluu anali wabodza. Choncho matabwa akafika pakhomo, asanjeni pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, masentimita 30 kuchoka pansi kuti chinyezi ndi chiswe zisawapeze. Pakati pa thabwa ndi linzake ikani timitengo tofanana kukula, totalikirana masentimita 40 kapena 50, ndipo timitengoto tikhale mzere umodzi kuchokera pansi mpaka pamwamba. Pamwamba tsindikani ndi njerwa. Kunsonga pakani penti wotsala, chifukwa nsonga zimauma msanga kuposa pakati, n'chifukwa chake ming'alu imayambira kumeneko. Padzuwa musayanike, kunja kumauma m'kati mukadali madzi. Kuti mudziwe ngati auma, dulani kachidutswa, mukayeze pa sikelo yapakhitchini mlungu uliwonse. Kulemera kukasiya kutsika kwa milungu iwiri, yambani ntchito. M'chilimwe zimenezi zimafulumira, nthawi ya dzinja zimafuna kuleza mtima.

Zida zoyambira ndi izi: tepi, sikweya (choyezera ngodya), pensulo, sowo ya mano 7 kapena 8 pa inchi, hamala, matchizulo awiri (wa mamilimita 12 ndi wa 25), puleni ya nambala 4 kapena 5, ndi mwala wonolera. Sikweya muiyese musanalipire. Igonekeni m'mphepete mwa thabwa lowongoka, jambulani mzere, itembenuzeni, jambulaninso pomwepo. Mizere ikasiyana, sikweyayo ndi yonama ndipo chilichonse mudzapange chidzapendekera. Pa sowo, dziwani kuti ya mano akuda kunsonga sinoleka ndi tupa, ikabuntha yatha. Ya mano oyera imanoleka kwa zaka. Puleni yakale yachitsulo yogula kwa munthu nthawi zambiri imaposa yatsopano yotchipa, bola ikhale yosasweka pakamwa pake.

Tsopano kunola, chinthu chimene ambiri amachidumpha. Tchizulo chochoka m'sitolo sichinanoledwe, angochisula mawonekedwe. Yambani ndi kumsana kwake kosalalako: kugonekeni pamwala kwathunthu, mukhule mpaka masentimita awiri akunsonga awale mofanana. Kenako tembenuzani. Mbali yopendekera imabwera pa madigiri 25. Inu kwezani pang'ono kufika pa 30, mukhule osagwedeza mkono. Donthezani mafuta opepuka pamwala kuti tizitsulo tisatseke maso ake. Pitirizani mpaka chala chimve kaminga kakang'ono kumsana, kuchokera ngodya ina kufika ina. Kamingako ndiko umboni woti mwafika kunsonga. Mukasiya kasanatuluke, mwangotaya nthawi. Kachotseni pogoneka msana pamwala kawiri kapena katatu. Mwala mulibe? Matani sandipepa ya nambala 220, 400 ndi 800 (nambala ikamakula, sandipepa imakhala yosalala kwambiri) pa galasi lochindikala. Yesani podula kumutu kwa paini: chakuthwa chimasenga mosalala, chobuntha chimaphwanya n'kusiya timaenje. Ndipo chobuntha ndicho chimavulaza, chifukwa mumachikankha ndi mphamvu mpaka chitapulumuka. Manja onse awiri azikhala kumbuyo kwa nsonga nthawi zonse, thabwa likhale logwidwa bwino, osati pantchafu.

Ntchito yoyamba ikhale benchi yaing'ono, osati kabati kapena bedi. Pamafunika thabwa la inchi imodzi kwa mainchi 6. Likapalidwa limatsala mamilimita pafupifupi 22 kwa 140. Pokhalira, dulani zidutswa ziwiri za mamilimita 900, muzilumikize m'mbali kuti zikhale 280. Miyendo, dulani zidutswa zinayi za 430, muzilumikize ziwiriziwiri, kenako muchepetse mwendo uliwonse ukhale 235 m'mulifupi. Zomangira m'mbali zikhale ziwiri za 800. Zonsezi pamodzi ndi mamita 5 ndi pang'ono. Thabwa la mafiti 18 ndi mamita pafupifupi 5.5, ndiye pa masamu likukwana, koma gulani awiri, chifukwa nsonga zong'aluka ndi mfundo zidzakudyerani gawo lina, ndipo kudula molakwika kamodzi sikulephera.

Podula, jambulani mzere ndi sikweya kuzungulira thabwa, ndipo sowo idutse kumbali yotayayo, osati pamzere penipeni, chifukwa mano amadya mamilimita ngati awiri. Yambani pokokera sowo kwa inu katatu kuti ipange njira. Musaikanikize, ikangokakamizidwa imakhota. Popala, puleni ikamazula m'malo mosenga, mukupala mobwerera: tembenuzani thabwalo, muchepetsenso mpeni kuti uzitulutsa zopala zopyapyala ngati pepala.

Polumikiza m'mbali, gundanitsani matabwa awiriwo muyang'anire kuwala. Kuwala kukadutsa, palaninso. Guluu sadzaza mpata. Pakani guluu woyera wa matabwa mopyapyala mbali zonse ziwiri. Ngati mulibe makilampu (zopanira matabwa), malegeni a tchubu cha galimoto amagwira ntchito: kulungani mokoka kangapo, n'kutsindika njerwa pamwamba kuti thabwa lisatukuke pakati. Siyani ola limodzi musanamasule, ndipo musalivutitse mpaka mawa lake. Guluu wotuluka pukutani ndi nsalu yonyowa nthawi yomweyo, chifukwa akauma vanishi salowa pamenepo, pamatsala chipsera choyera.

Pansi pa mwendo uliwonse dulani kampata kooneka ngati V, kuti benchi iime pa mapazi anayi. Ikatero sigwedera kwambiri pansi posalingana. Miyendo ilowe mamilimita 100 kuchokera kunsonga za pokhalira. Khomani zomangira m'mbali mwa miyendo poyamba, muyeze ndi sikweya, kenako ikani pokhalira. Zomangirazo ndizo zimaletsa benchi kugwera chammbali, musazisiye. Pokhalira patsamira kumutu kwa miyendo, ndipo kumutu kwa thabwa kumamwa guluu ngati siponji, ndiye pamenepo dalirani misomali ya mainchi awiri ndi theka, yokhomedwa mopendekera pang'ono, wina uku wina uku, kuti isazuke. Pafupi ndi nsonga, menyani kaye nsonga ya msomali ndi hamala kuti ibunthe. Msomali wakuthwa umalowa ngati nkhwangwa n'kung'amba thabwa, wobuntha umaboola.

Ena adzanena kuti makina amafulumiza ntchito, ndipo ndi zoona kwa munthu wamaoda. Koma inu simukuthamangitsidwa ndi kasitomala, ndipo magetsi akathima puleni yamanja imapitabe. Ngati pali makina oyenera kugula msanga, ndi dililu yaing'ono yoboolera. Matabwa okhakhala kwambiri mutha kukapalitsa kwa a makina pamsika, n'kudzamalizitsa pakhomo. Chenjerani ndi matabwa obiriwira omwe anawanyika m'mankhwala a chiswe: si opangira chodulirapo ndiwo, ndipo zotsala zake musasonkhere moto.

Pomaliza benchi, khulani ndi sandipepa ya 80, kenako 120, kenako 180, motsata mitsempha ya thabwa, osati mopingasa, chifukwa zokanda zopingasa zimaonekera bwino vanishi akangopakidwa. Valani chotseka mphuno. Vanishi woyamba musungunule pang'ono, gawo limodzi la chosungunulira chimene chalembedwa pachitini pa magawo 10 a vanishi, kuti alowe m'thabwa. Akauma, pitsani sandipepa ya 240 mopepuka, pukutani fumbi, pakaninso kawiri. Pakani ndi pansi pomwe, komanso kumapazi, chifukwa mbali imodzi ikatsekedwa ina n'kumamwa chinyezi chokolopera, pokhalirapo pamayamba kupindika.