Foni imeneyo mwana wanu wamugulira ndani?

Makolo anzanga a ku Mbare, Mufakose, Epworth ndi Dzivarasekwa kuno ku Harare, Zimbabwe, lero ndilankhula mosapsatira, wokwiya akwiye. Galu wamkota sakandira pachabe.

Mwezi wathawu pamzere wathu pano mnyamata wa Fomu 3 anabwera ndi foni yatsopano, idakali m'bokosi, kapulasitiki ka pagalasi kasanamatulidwe. Mayi ake amagulitsa tomato ku Mbare Musika, amalawira 4 koloko m'bandakucha, ndipo fizi ya teremu ino sanamalize. Nditawafunsa kuti mayi, foniyi yachokera kuti, anandiyankha akumwetulira: "Agogo, ali ndi achimwene ake ena a pa WhatsApp amene amamukonda." Dzina la achimwenewo sakulidziwa, nkhope sanaionepo, koma bandulo ikulowa sabata iliyonse. Pasanathe milungu itatu mwana uja anasiya mpira wa pabwalo, anayamba kunena kuti aphunzitsi onse ndi abodza, kuti ife akulu tili m'tulo ndipo iye yekha ndi gulu lake ndiwo adzuka. Usiku, foni kumangowala kunsi kwa bulangete mpaka tambala woyamba.

Mayi, bambo, kodi munthu wogulira mwana wanu foni osabwera kudzakupatsani moni akufunanji? Msodzi satayira nsomba nyongolotsi chifukwa chozimvera chisoni.

Musanene kuti zimenezi ndi za kutali. Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, nkhondo inayamba mu Okutobala 2017 pamene achinyamata okhala ndi zida anaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Mu Malichi 2021 anagwera tauni ya Palma, ndipo chaka chomwecho mayiko a SADC ndi dziko la Rwanda anatumiza asilikali. Anthu mazanamazana a masauzande anathawa m'makomo mwawo. Anyamata ambiri amene analowa m'gulu limenelo anakopedwa ndi malonjezo a ntchito, mpamba wa bizinesi kapena maphunziro, ena anachita kubedwa, ndipo ena mwa iwo ndi ana a msinkhu wa sukulu. Ndipo ndisamve munthu akutembenuza nkhaniyi n'kuyamba kuloza zala abale athu a ku mzikiti. Ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa kumeneko ndi Asilamu omwe. Wokopa ana amavala chilichonse: mkanjo, suti, malaya a chipani. Ife amene tinali kuno nthawi ya zisankho za 2008 tinaona ndi maso athu anyamata a m'makomo mwathu akutengedwa usiku, akumwetsedwa mowa, n'kubwera kudzamenya anthu amene anawabereka kumsana ali makanda. Ogulitsa mankhwala ozunguza bongo a mutoriro pafupi ndi mipanda ya sukulu nawonso amayamba chimodzimodzi, koyamba n'kwaulere.

Pali bala lina limene ife amene kumudzi kwathu ndi ku Malawi tiyenera kuliulula. Ana athu anabadwira konkuno, ena ndi zidzukulu za anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi kalekale, koma kusukulu amanenedwabe kuti mabwidi, mabhurandaya. Mwana amabisa dzina la agogo ake, amachita manyazi kuyankha m'Chichewa pagulu, ngakhale malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ena mpaka lero alibe setifiketi ya kubadwa chifukwa bambo ndi mayi akungoti tidzapita mawa. Ku Malawi sanapondeko, ku Zimbabwe akumuuza kuti si wakuno. Ndiye kubwere munthu pafoni amuuze kuti "kwa ife ndiwe m'bale, ndiwe msilikali, amene amakunyoza tsiku lawo likubwera." Mwana wanjala ya ulemu amameza zimenezo osatafuna. Ine zimandiwawa, chifukwa mawu amenewo amayenera kuwamva kaye pamkeka wa kwawo, kwa inu, opanda poizoni m'kati.

Nanga inu mukutani? Tsiku lokaonana ndi aphunzitsi mumatuma mlongo wake wa zaka 17. Dzina la mphunzitsi wa kalasi yake simulidziwa. M'sukulu zina ana amasinthana makalasi, ena m'mawa ena masana, ndiye wanu akaweruka 12 koloko mpaka inu mudzatsike kombi kutada amakhala ali kuti? "Ali ku ma extra lesson." Kwa ndani, nyumba iti, munakafikako? Za kuvuta kwa ndalama ndikuzidziwa, nanenso ndagulitsapo makala. Koma kufunsa mwana kuti lero wadya chiyani, wayenda ndi yani, sikulira dola.

Mukaona zasintha, chonde musathamangire lamba. Mukam'menya mwam'pereka nokha m'manja mwa anthu aja, chifukwa anamuuza kale kuti kwanu sakukufuna. Khalani naye pansi, itanani amalume ake kapena azakhali amene amamasuka nawo, mufunse gulu limenelo amakambamo chiyani, mumvetsere mpaka amalize. Mauthengawo musafufute. Pitani kwa ahedi mukawauze, chifukwa kawirikawiri wokopayo sakhala akuweta mwana mmodzi. Bungwe lothandiza ana la Childline limayankha foni pa 116 kwaulere, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Friendly Unit yoona nkhani za ana. Inunso aphunzitsi, mwana amene anali wolongolola akangoti zii pakona teremu yonse, musadikire lipoti la Disembala kuti muitane makolo.

Mnyamata wa pamzere pathu uja foni ili ndi amalume ake tsopano. Sakundipatsa moni, akuti ndine ndinamuneneza, ndipo n'zoona ndine. Lolemba m'mawa mayi ake asiya tomato kwa anzawo apamsika, tikwera limodzi kombi kupita kukaonana ndi ahedi.