Masiku awiri ku Sa Pa sakwanira

A mtolankhani, mwalemba kuti kuyenda masiku awiri kuchokera ku Sa Pa, m'dziko la Vietnam, kukafika ku midzi ya Lao Chai ndi Ta Van n'kokwanira kudziwa moyo wa anthu a mtundu wa Hmong, koma ine ndikukana. Nditapitako nyengo ya mvula, mayi wina, manja awo ali biriwiri ndi utoto wonyikira nsalu, anandigwira dzanja m'matope a m'minda ya mpunga tsiku lonse ngakhale sanali otiperekeza olembedwa ntchito. Ndalama ya ulendowu ndinali nditalipira kale ku Hanoi, likulu la dzikolo, ndipo iwo anangopeza ya kachikwama kamene ndinawagula. Mwaiwalanso kuuza owerenga kuti ku Ta Van kumakhala anthu a mtundu wa Giay, omwe chilankhulo chawo n'china.